Galimoto ya Mvukuto ndi Mizere Itatu

Anzanga ambiri a m'hostelo mwathu akhala akundifunsa za kapaipi kakuda kamene ndimasunga m'bokosi mwanga pamodzi ndi sopo ndi makalata. Ena amati ndi mankhwala okhozera mayeso, ena amati ndinangotola pamsewu. Tsono popeza akonzi a magazini ino apempha kuti yense alembe zimene anaona pa tchuthi, ndaganiza zofotokoza pano kamodzi kokha, kuti amene adzafunsenso ndidzangomuuza tsamba loti akawerenge.

Pa tchuthi chachikulu chapitachi malume anga, amene amagwira ntchito ya umakaniko ku Johannesburg, kumene ife timangoti ku Joni, ananditumizira ndalama ya basi. Iwowa ndi alongo awo a mayi, ndipo chimwalirire bambo ndiwo amandilipirira fizi. Za ulendowo sindinena zambiri. Tinadzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge, tinakhala m'basi masiku awiri mpaka miyendo kutupa, ndipo ndinafika mu Ogasiti kukuzizira koopsa, ine ndiri ndi juzi imodzi yokha ya sukulu.

Malume alibe galaja yawoyawo. Ngolembedwa ntchito pa galaja ina yaing'ono, ndipo abwana awo anandilola kuti ndizipita nawo, ndizisesa, kutsuka masipanala ndi kuwapatsira zitsulo. Malume ndi munthu wosalankhulalankhula. Akafuna sipanala ya 12 amangotambasula dzanja, ndipo ukawapatsa ya 13 amaibweza osakuyang'ana n'komwe. Masiku awiri oyamba ndinaona ngati ndabwera kudzazunzika.

Tsiku lachitatu m'mawa kunalowa chinthu chimene poyamba ndinachiyesa choseweretsa cha mwana wa munthu wolemera. Chinalibe denga, chinalibe zitseko, mipando iwiri yokha. Matayala akutsogolo anali panja pa thupi lake, ali ndi timadigadi ngati ta njinga, ndipo chinali chachifupi kotero kuti munthu atakhala m'katimo akhoza kugunda pansi ndi chikhatho. Koma kulira kwake! Pamwamba pa mkokomo wa injini panali kamluzu kena kosalekeza, ngati mphepo yolowa pa mng'alu wa zenera. Munatuluka, movutikira ndithu, bambo wachikulire wa imvi, mzungu, amene ndinamva pambuyo pake kuti anali mphunzitsi wa masamu asanapume ntchito. Galimotoyo anaimanga okha kuseri kwa nyumba yawo, ndipo inawatengera zaka 6.

Mwina wina adzati, kodi munthu n'kumanga galimoto kunyumba? Inenso ndinafunsa chomwecho. Eni ake amaitcha kit car, ndiko kuti galimoto imene munthu amagula iri zidutswazidutswa m'mabokosi, nakalumikiza yekha, injini ndi giyabokosi akuchotsa ku galimoto zina zakale. Ya bambo aja inali ya maonekedwe a Lotus Seven, imene Colin Chapman anayamba kugulitsa ku Britain mu 1957. Masiku amenewo boma la kumeneko linkadula msonkho waukulu pa galimoto yatsopano, koma ya m'mabokosi inalibe msonkhowo, motero anthu osalemera kwenikweni ankathamangira imeneyi. Mu 1973 kampani ya Lotus inagulitsa ufulu wopanga galimotoyi kwa a Caterham, ndipo ena ambiri anatsanzira maonekedwe ake. Ku South Africa komweko a Birkin anayamba kupanga zotere m'zaka za m'ma 1980 kufupi ndi Durban. Nzeru yake yonse yagona pa kupepuka. Ya bambo aja sinkakwana makilogalamu 600, ndiko kulemera kwa matumba 12 a chimanga.

Injini yake inali ya Toyota, yotchedwa 4A-GZE, ya masilinda 4 ndi malita 1.6 okha, yosasiyana kukula ndi ya Corolla zimene zimanyamula anthu pamsewu wathuwu. Kusiyana kwake n'kwakuti iyi iri ndi supercharger. Mawu amenewa asakuopseni. Amene munaonapo osula makasu kumudzi mukuudziwa mvukuto: makala amayaka okha, koma ukavukuta moto umalusa mpaka chitsulo kufewa. Supercharger ndi mvukuto wa injini. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri zozungulira molumana, zimene zimatunga mpweya ndi kuukankhira m'masilinda, ndipo chimazizungulitsa ndi lamba wochokera ku injini yomweyo. Mtundu umenewu umatchedwa Roots, dzina la abale awiri a ku Indiana, m'dziko la America, Philander ndi Francis Roots, amene analembetsa luso lawoli mu 1860. Chinandikondweretsa n'chakuti makina awo oyambawo ankapemerera ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndiye kuti unali mvukuto weniweni. Kamluzu kaja kankachokera pamenepo.

Dandaulo la bambo aja linali ili. Akamayenda pang'onopang'ono m'tauni galimoto inalibe vuto, koma akaponda moto kwambiri inkadodoma, ndipo m'injini munkamveka kulira ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini. Atangotchula za timiyalato nkhope ya malume inasintha. Anawapempha kuti aisiye galimotoyo pomwepo, asapitenso nayo ngakhale kogula buledi. Bambo aja anavomera, koma anati adzaifuna Lachisanu la sabata yotsatira, pakuti Loweruka lake anafuna kupita nayo ku Durban kukaona mwana wawo wamkazi. Dzina loti Durban ndinalimva bwinobwino koma sindinalisamale. Inu mulisunge.

Apa ndiyenera kufotokoza zimene malume anandiphunzitsa madzulo a tsiku limenelo tikudikira nyemba kuti zipse, pakuti nyemba za ku Joni zimachedwa kupsa kuposa ngakhale za ku khitchini kwathu kuno. Ife timaganiza kuti galimoto imayenda ndi petulo. Malume anati nsima ya injini ndi mpweya, petulo ndi ndiwo chabe. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Nditawerengera m'kope ndinapeza kuti lita imodzi ya petulo imafuna malita pafupifupi 9,000 a mpweya, ndiyo migolo 45 ya malita 200. Ndinabwereza samuyo kawiri poganiza kuti ndasokoneza maziro.

Petulo akachuluka kuposa muyeso, galimoto imatulutsa utsi wakuda, mapulagi amada ndi mwaye, ndipo mwini wake amathera ndalama pomwetsera mafuta. Ili ndi vuto la m'thumba chabe. Choopsa ndi pamene petulo wachepa injini ikugwira ntchito yolemetsa. Pamenepo m'silinda mumatentha kopitirira, ndipo mbali ina ya mpweya ndi petulo imaphulika yokha, moto wa pulagi usanaifike. Timiyala tija ndiko kuphulika kumeneku kukumenya pisitoni ngati nyundo. Kukapitirira, pisitoniyo, imene ndi ya aluminiyamu, imagumuka m'mphepete kapena kubooka kumene. Injini ya mvukuto ndiyo iri pa ngozi koposa, chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha; amene anapopapo tayala la njinga adziwa m'mene pampu imatenthera kumunsi kwake. N'chifukwa chake mpweyawo amaudutsitsa kaye m'chinthu chonga rediyeta, chotchedwa intercooler, kuti uzizireko. N'chifukwa chakenso mvukuto ukamakankha amakaniko saifuna nambala ija ya 14.7, amaitsitsa kufika pakati pa 11.5 ndi 12, kuti petulo wotsalayo aziziritse m'kati.

Galimoto zakale zinkasakaniza mpweya ndi petulo m'kabuleta, ndipo makaniko ankakonza ndi sikuludiraiva ndi khutu. Iyi inalibe kabuleta. Inali ndi mainjekita 4, timipopi totseguka ndi magetsi, ndipo kakompyuta kobisika pansi pa chiwongolero ndiko kankalamula kuti titseguke nthawi yaitali bwanji. Nthawi yake ndi yochepa zedi. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, silinda iriyonse imayaka ka 50 pa sekondi imodzi, motero nthawiyo amaiyesa ndi mamilisekondi, ndiko kugawa sekondi pa 1,000. M'paipi ya ekizozi bambo aja anaikamo sensa yonunkhiza utsi, ndipo patsogolo pa woyendetsa panali kawotchi koonetsa nambala ya muyeso uja.

M'mawa mwake malume anandikhazika pampando winawo nandiuza kuti ndisayang'ane china koma kawotchiko. Tikuyenda bwinobwino kankaonetsa 14.7. Titafika pamsewu wowongoka anaponda moto, mutu wanga n'kubwerera m'mbuyo, ndipo nambala ija inatsika pang'ono, kenaka inayamba kukwera: 13, 13.5, 14. Ndinafuula. Koma malume anali atachotsa kale phazi, pakuti anamva timiyala.

Titabwerera ku galaja ndinati, "Malume, bwanji tingowonjezera manambala a petulo m'kompyutamo?"

Anati, "Mphwanga, ndowa ikamadontha suwonjezera maulendo a kumjigo. Umayamba wapeza pobooka."

Anatseka pakamwa polowera mpweya, napopera mpweya pang'ono wa ku kompuresa m'mapaipi onse a injini, ndipo ine anandipatsa botolo la madzi a sopo kuti ndizithira polumikizira paliponse, monga timachitira ndi chubu cha njinga. Ndinathira kwa theka la ola osaona kanthu. Potsiriza ndinagona chagada, ndinalowetsa dzanja pamalo pamene la malume silikanalowa, ndipo ndinaona thovu likufufuma pansi pa kapaipi kena ka labala konenepa ngati pensulo. Kanali ndi mng'alu wosakwana chikhadabo, kumunsi kumene diso silifika.

Kapaipi kameneka kamachokera pamene mpweya umasonkhana usanalowe m'masilinda, n'kupita ku kachipangizo kosunga mphamvu ya petulo m'paipi yake. Injekita imafayira petulo m'malo mmene muli mpweya wopanikizidwa, ndipo izi ziri ngati kulavula moyang'anizana ndi mphepo: mphepo ikakula uyenera kulavula mwamphamvu. Tsono kapaipi kaja ndiko kamauza kachipangizoko kuti mvukuto wayamba kukankha, kawonjezere mphamvu ya petulo. Poyenda pang'onopang'ono injini imayamwa, ndipo mng'alu uja unkadzitseka wokha. Mvukuto ukakankha unkayasama, uthenga osafika, petulo n'kuchepa pa nthawi yomwe ankafunika koposa. Galimoto ya zaka 6 za thukuta inatsala pang'ono kufa chifukwa cha labala wa mtengo wa buledi mmodzi.

Malume anakayang'ana kapaipiko padzuwa nati, "Wagwira ntchito." Abwana awo anandigulira chakumwa cha m'botolo. Ndivomere pano kuti kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyenda m'galaja muja ngati ndine ndinaimanga.

Ntchito sinathere pamenepo, chifukwa bambo aja, poyesa kuchiza matendawo okha, anali atasintha manambala ambiri m'kompyuta, ndipo onse anafunika kukonzedwanso. Tinapita nayo ku galaja ina imene iri ndi makina otchedwa dyno, amene amalipiritsa pa ola. Galimoto amaimanga ndi malamba, matayala akumbuyo ali pa migolo iwiri yachitsulo, ndipo imathamanga liwiro lonse iri pamalo amodzi. Malume analumikiza laputopu, ndipo panaoneka tebulo la timabokosi. Chopingasa panali kuzungulira kwa injini, kuyambira 500 kufika 8,000, timabokosi 16. Chokwera panali mphamvu ya mpweya wolowa m'injini, yoyesedwa ndi ma kPa, kuyambira 20 kufika 170. M'kabokosi kalikonse munali mamilisekondi a petulo. Panalinso tebulo lachiwiri la nthawi yoyatsira pulagi, pakuti pulagi imathetheka pisitoni isanafike pamwamba penipeni, ndipo mpweya ukachuluka iyenera kuchedwako, apo ayi timiyala timayamba.

Injini ikamalira, kadontho kankayendayenda patebulopo kusonyeza kabokosi kamene kakugwira ntchito. Malume ankaimika kadonthoko pa kabokosi kamodzi, ine n'kuwerenga kawotchi mofuula, iwo n'kuwonjezera kapena kuchotsa. Kumakutu kwawo anavala chinthu chodzipangira okha: kapaipi ka kopa komangidwa ndi bawuti pa injini, kolumikizidwa ndi paipi ya labala yofika ku zotsekera m'makutu. Ankaoneka ngati adokotala akumvera chifuwa cha mwana. Tinatha masiku atatu tikupitapita kumeneko, ndipo pomaliza kawotchi kankaima pa 11.8 phazi liri pansi, timiyala osamveka ndi kamodzi komwe. M'masiku onsewo kadontho kaja sikanapitirire 133.

Lachisanu cha m'ma 4 koloko abwana anaitana malume kuti akaone lole imene inafera panjira. Asananyamuke anandipatsa pensulo nati ndidzaze mizere itatu yapamwamba, wa 150, wa 160 ndi wa 170. Anandionetsa kachitidwe kake kamodzi. Pa 6,000, mzere wa 140 unali ndi 9.8, tsono wa 160 ukhale 9.8 kuchulukitsa ndi 160, kugawa ndi 140, ndiyo 11.2, n'kuwonjezerapo pang'ono. Pa tebulo la pulagi ndichotse madigiri awiri pa mzere uliwonse. Chifukwa chake sananene, ndipo ine sindinafunse.

Anzanga, timabokosi 48 ta petulo ndi 48 ta pulagi ndi 96. Zala zanga zinali zitauma ndi kuzizira, ndipo pa shopu yoyandikana nafe anyamata anali kuonera mpira pa wailesi yakanema, akukuwa. Ndinawerengera timabokosi 5, kenaka ndinayamba kudzifunsa. Kadontho sikanafikeko ku 140 n'komwe, nanga ku 160 kadzapita liti? Ndinaganiza kuti ndi khalidwe chabe la anthu akale, lofuna kuti kope lidzaze ngakhale masamba osawerengedwa. Ndinali nditaona m'mene malume ankakoperera mzere wathunthu ndi mabatani awiri. Ndinatenga mzere wa 140 n'kuukopera m'mizere itatu yonse, pa matebulo onse awiri, ndipo ndinapita kukaonera mpira.

Malume anabwera kutada, bambo aja atafika kale akudikira. Anandifunsa, "Wamaliza?"

"Ndamaliza, malume."

Anasuzumira pa laputopu, anaona timabokosi tonse tiri ndi manambala, natseka. Sabata yapitayo akanawerenga kamodzikamodzi. Tsopano ankandikhulupirira chifukwa cha kapaipi kaja.

Usiku umenewo tinadya nyemba zosapsa bwino, ndipo nditagona pa matiresi anga pansi ndinayamba kulingalira za nyembazo. Ndinakumbukira aphunzitsi athu a Fizikisi, amene ndikudziwa kuti awerenga nkhaniyi ndipo ndiwapempha asandikumbutse malikisi anga a teremu yatha. Iwo anatiuza kuti madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma pamalo okwera amawira asanafike pamenepo chifukwa mpweya wowapanikiza ngwochepa. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo madzi kumeneko amawira cha pa 94. Ndinakondwa kuti ndapeza chinsinsi cha nyemba. Kenaka ndinakumbukira kuti m'mawa uliwonse, kiyi atatembenuzidwa koma injini isanalire, laputopu inkaonetsa 83. Imeneyo inali mphamvu ya mpweya wa ku Joni. M'buku lathu nambala yake ndi 101. Ndipo Durban ali m'mphepete mwa nyanja.

Ndinadzuka, ndinang'amba katoni ya sopo, ndipo ndinayamba kulemba ndi kuwala kwa foni. Mvukuto uja umatunga muyeso umodzimodzi wa mpweya pa kuzungulira kulikonse, motero umachulukitsa chimene waupeza panja. Ku Joni unasandutsa 83 kukhala 133, ndiko kuchulukitsa ka 1.6. Ku Durban ukapeza 101, ndipo 101 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 162. Kadontho kakanakwera mpaka pakatikati pa mizere yanga itatu ija. Kumeneko injini ikanameza mpweya wa 162 ndi petulo wa 140, ndiye kuti 11.8 uja akanasanduka 13.7, pafupi ndi nambala imene malume anachotsera phazi tsiku lija, pulagi nayo ikuthetheka mofulumira kuposa muyeso. Bambo aja akanangofika kumunsi, kumva galimoto yawo ikukoka kuposa kale chifukwa cha mpweya wochuluka, n'kuponda mokondwa.

Sindibisa, ndinaganiza zokhala chete. Durban ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo injini ikanafera kumeneko palibe akanatchula dzina langa. Akanatchula la malume. Munthu wobwera m'dziko la eni akataya ntchito sapeza ina mawa lake, ndipo pa malipiro awo pamadalira fizi yanga, feteleza wa mayi ndi mayunifomu a alongo anga awiri. Ndinayesa kudzinamiza kuti mwina nkhalamba siithamanga. Koma munthu amene anatha zaka 6 akumanga chinthu chotere samangira kuti aziyenda ngati ngolo. Ndinagona maso ali gwa kwa maola awiri, ndikumvera malume akupuma, ndipo itakwana 4 koloko ndinawagwedeza phewa.

"Malume, pepani, ndinakunamizani. Mizere itatu ija sindinawerengere. Ndinangokopera."

Anayatsa getsi, natenga katoni ija, naiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayembekeza khofi, ndipo ndikanalilandira.

"Wazindikira liti?"

"Usiku uno, malume."

"Vala nsapato."

Itakwana 5 koloko anaimbira foni bambo aja. Ndinawamva akunena m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti asanyamuke, talakwitsa ndife, abwere nayo galimoto pang'onopang'ono. Mawu akuti ndife anandipweteka kuposa khofi limene sanandimenye.

Bambo aja anafika masutikesi ali kale kumbuyo, nkhope iri yosakondwa. Malume anandikankhira kutsogolo nati, "Fotokoza wekha. Chingerezi cha kusukulu uli nacho." Ndinafotokoza mawondo akugundana, ndikuloza pa katoni ya sopo. Iwo anavala magalasi, nalanda pensulo yanga, nabwereza samu yonse monga mphunzitsi achitira. Kenaka anafunsa funso limene ine sindinaliganizire: tidziwa bwanji kuti manambala atsopanowo ngoona, popeza mpweya wa ku Durban sitingaubweretse ku Johannesburg?

Malume anali ataganiza kale. Bambo aja anali ndi gudumu lina la lamba, lalikulupo, limene anagula kalekale koma osaliika. Gudumu la pa injini likakula, mvukuto umazungulira mofulumira nukankha kwambiri. Anati tiliike kwa tsiku limodzi lokha kuti kadontho kakwere mpaka 160 konkuno. Mpweya wake udzakhala wotentha kuposa umene akaupeze kunyanja, motero injini ikapirira pano, kumeneko ikapirira ndithu.

Tinabwerera ku dyno. Bambo aja anaumirira kuti ayambe aona ngati samu ya pa katoni inali yoona, manambala anga okopera akadali momwemo. Malume anakana kawiri, kachitatu anavomera masekondi awiri okha, ndipo zomvera zija anandiveka ine. Anaponda. Kadontho kanadumpha 140, kanadumpha 150, kawotchi kanaonetsa 13.5, ndipo m'makutu mwanga, pansi pa mkokomo wonse uja, ndinamva kuti tiki, tiki, tiki, kamawu kakang'ono kouma ngati msomali ukugogoda galasi. Ndinakweza dzanja, koma phazi la malume linali litachoka kale.

Timabokosi 96 tija ndinawerengera tonse nditakhala pa tayala, mphunzitsi wa masamu ali pambali panga akuchonga, ndipo anandipeza ndi zolakwa ziwiri. Pamene malume anayesa, manambala a pensulowo anapereka 11.4, petulo wochulukirapo pang'ono, ndipo anawasiya choncho dala. Pa mzere wa 160 anachotsanso digiri ina imodzi. Dzuwa likulowa tinabwezera gudumu lakale. Abwana a malume sanabise mkwiyo wawo, ndipo ndalama ya maola atatu a dyno anaidula pa malipiro a malume. Nditaisintha m'makwacha mumtima ndinapeza kuti inali pafupi ndi theka la fizi yanga ya teremu.

Bambo aja ananyamuka Lamulungu. Lachiwiri masana foni ya malume inalira, ndipo atayang'ana anandipatsira osanena kanthu. Chinali chithunzi cha kagalimoto kaja kataima pafupi ndi nyanja, ndi mawu akuti pokwera chitunda china kufupi ndi Durban kawotchi kanaima pa 11.5, timiyala kunalibe, koma galimotoyo yayamba kumwa petulo ngati ng'ombe. Nditawabwezera foni malume anati masipanala sanatsukidwe chiyambire Lachisanu.

Tsiku lobwerera anandiperekeza ku Park Station. Basi itatsala pang'ono kunyamuka anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kapaipi kong'aluka kaja, nandipatsira pazenera. Anati, "Tenga. Aka unakapeza ndiwe." Za mizere itatu sananenepo kanthu, ndipo fizi ya teremu ino inafika pa nthawi yake, yokwanira.

Amene afuna kuona mng'aluwo abwere Loweruka tikatha kuchapa. Suoneka pokhapokha utatseka mbali imodzi ndi chala, n'kuuzira mbali inayo, wina akuthira madzi a sopo. Koma abwere ndi sopo wake, pakuti wanga watsala pang'ono.